Chimanga cha pa Utsi

Mukadzapita kwathu ku Lirangwe, adzukulu anga, mudzalowe m'khitchini ya mwana wa achemwali anga n'kukweza maso. Pamwamba pa mafuwa, pomwe denga linachita kuda bii ndi mwaye, mudzaona zimanga zili lende, zomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe. Si zazikulu ngati zomwe amajambula pa mapaketi a mbewu. Njere zake n'zolimba gwa, ndipo apo ndi apo pamatulukira ina yofiirira kapena yakuda. Musadzazikhudze musanapemphe. Chimanga chimenecho n'cha agogo anga, obereka mayi anga, ndipo mbewu yake sinadukepo chiyambire kale njanji isanadutse kwathu.

Ndikufuna ndikuuzeni za iwo ndikadali ndi mpweya, poti mwa anthu omwe anawaona ali ndi mphamvu zawo ndatsala ndekha.

Anali munthu wamfupi, wa mphini m'masaya, wa mawu otsika. Nsalu yawo inali biriwita, ndipo pakona pake pankakhala kachitini ka fodya wa m'mphuno. Mudzi wonse unkawaitana ndi mfunda wawo, aNaphiri. Ife ana tinkangoti Agogo, ana a anzathu a Chiyao n'kumati Anganga, iwo n'kumavomera zonse. Dzina lawo lenileni sitinkalidziwa, ndipo kalelo mwana wofunsa dzina la munthu wamkulu ankaoneka wopanda mwambo. Ine ndinadzalimva tsiku la maliro awo, imvi zili mbuu m'mutu mwanga.

Theka la mudzi wathu linabadwira m'manja mwawo. Usiku uliwonse munthu akagogoda n'kunena kuti uje wadwala, ankangomanga nsalu n'kutsatira, kaya kukugwa mvula kaya afisi akulira kudambo. Pachinamwali ndiwo ankakhala nankungwi. Komatu ife ana chomwe tinkawakondera chinali mkute. M'nyumba mwawo simunkasowa kamphika kovundikira, ndipo mwana aliyense wodutsa m'mawa, wawo kapena wa mlendo, ankaitanidwa: "Bwera kuno iwe, njala sapita nayo kusukulu." Madzulo tinkadzazana mozungulira moto wawo, iwo akukazinga chimanga m'phale n'kumatiimbira nthano, ife n'kumavomera mpaka tulo titatigwetsa mmodzimmodzi.

Chaka chomwe anabadwa sankachidziwa. Polembetsa mavoti a 1994, kalaliki wachinyamata atawafunsa, anamuyankha kuti, "Mwana wanga, pa nkhondo ya Chilembwe n'kuti ndikutha kubereka mng'ono wanga kumbuyo, koma kuchinamwali ndisanalowe. Zinazo werenga wekha." Mnyamata uja anawerenga zala n'kulemba 1905. Za mu Januwale 1915 ankakumbukira zochepa: mbiri inafika yoti anthu a ku Mbombwe, ku Chiradzulu, aukira azungu ndipo ena akathyola sitolo ya Mandala ku Blantyre kufuna mfuti, ndiye mudzi wonse unagona kutchire masiku angapo poopa asilikali. Bambo awo anagwidwa utengatenga pa nkhondo ya azungu ndi Ajeremani, kusenza katundu wa asilikali ulendo wa pansi. Anabwerako mu 1918 ali mafupa okhaokha, ndipo asanapeze n'komwe mphamvu, fuluwenza inalowa m'mudzi n'kuwatenga. Agogo ankati chaka chimenecho mphasa zinatha, anthu n'kumaikidwa m'masamba a nthochi.

Njala yoyamba kuiona ndi maso achikulu inali ya 1922, atangokwatiwa kumene. Ndi chaka chimenecho pomwe mayi awo anawaphunzitsa za mbewu. Pokolola, chimanga chisanalowe m'nkhokwe, mayi amakhala pansi n'kusankha: chimanga chodzaza mpaka kunsonga, cha mizere yowongoka, chomwe makoko ake anatseka bwino kuti mvula ndi anankafumbwe asalowe. Zosankhazo amazigawa patatu. Gawo loyamba n'la mvula yoyamba. Lachiwiri n'lobwerezera ngati mmera wapsa kapena mbewa ndi nkhwali zafukula. Lachitatu silitsika chaka chimenecho, zivute zitani. Limakhala pa utsi mpaka chimanga china chitalowa m'nkhokwe, ndipo likatsika n'kuti lina lakwera kale m'malo mwake. Utsi umaliumitsa n'kulipaka mwaye wowawa, kachilombo sikayandikira. Agogo ankalitcha gawo limeneli "la amene sanabadwe".

Zaka zotsatira ankazifotokoza mothamanga. Kunabwera dzombe lomwe linkaphimba dzuwa, anthu n'kumalitola m'mawa likadali lozizidwa, kulifutsa n'kuliyanika. Kunabwera njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, yomwe inatha mu 1935, ndipo agogo aamuna anagwirako ntchito yosenza dothi kuti apeze ya msonkho. Njanji yomweyo ndiyo inadzawatenga. Anapita ku Salisbury, komwe lero mukuti ku Harare, anatumiza bulangete limodzi ndi kalata imodzi, kenako zii. Anatchona. Agogo anatsala ndi ana asanu, khasu ndi mtondo. Sindinawamvepo akuwanenera zoipa. Ankangoti, "Mkamwini ndi mlendo, munda ndi wa mwini mbumba."

Tsopano tafika pa chomwe ndakusonkhanitsirani.

Ine ndinabadwa mu 1941, ndiye za 1949 sindikuchita kumva kwa munthu. Mvula inayamba bwinobwino kumapeto a 1948, anthu n'kubzala, mmera n'kutuluka wokongola. Chakumakhirisimasi inangodula. Januwale yense kumwamba kunali mbee, dzuwa likuswa mtengo, chimanga chofika m'mawondo n'kupota masamba ngati anyezi, kenako n'kuuma chiriri. Kukachita kamtambo anthu ankathamanga kukabwereza. Kamvula kaja kakangonyowetsa fumbi, mbewu inkamera n'kupsanso. Ena anabwereza katatu, kanayi, mpaka mbewu yonse inathera m'nthaka. Agogo anabzala gawo loyamba, n'kubwereza ndi lachiwiri. Zitapsa zonse ziwiri, anapachika khasu. Anzawo ankawauza kuti, "ANaphiri, tsitsani zinazo, mwina ino ndiyo mvula yeniyeni." Iwo ankayang'ana kumwamba n'kupukusa mutu. Mvula yomwe inadzagwa mu Malichi inapeza kulibe choti ipulumutse, kupatula timapira ndi tambatata ta m'dimba.

Pa utsi panatsala zimanga 40. Ndikudziwa chiwerengero chake chifukwa ndinkagona m'nyumba mwawo, ndipo mwana wanjala akagona chagada amawerenga chomwe chili pamwamba pake.

Miyezi yoyamba tinkadya za chaka chatha, nsima n'kumachepa pang'onopang'ono, kuchoka kawiri patsiku kufika kamodzi, kuchoka pa ufa woyera kufika pa mgaiwa, kenako madeya. Mbuzi zinagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linaletsa kufulula mowa pofuna kusunga chakudya, koma kwathu mowa ndiwo unali ndalama ya amayi, ndiye amayi ngati Agogo anangotsala manja lende. Chimanga chomwe boma linaitanitsa kunja chinali chogula. Amuna olembedwa ntchito ku Blantyre ndi ku Limbe ankalandira phoso, koma mayi yemwe mwamuna wake anatchona ankawerengedwa ngati ali ndi womusamala, chikhalirecho mwamunayo sanatumizepo ngakhale kobiri. Amuna ambiri ananyamuka kukasuma ku Ntcheu, ku Neno, ku Mwanza mpaka kwa Apwitikizi. Ena ankabwera ndi kamtolo pamutu. Ena ankapeza mkazi komwe kuli nkhokwe n'kukhala konko. Bambo anga ananyamuka mu Ogasiti, atanyamula makasu awiri ndi nsalu ya mayi anga yoti akasinthanitse. Sitinawaonenso.

Tinalowa m'tchire. Malambe, bwemba, matowo, njere za udzu zomwe tinkapulula n'kupera pamwala, zitsa za nthochi zomwe amayi ankazisenda, kuziyanika n'kuzisinja. Kunalinso mpama, chilazi cha m'tchire chomwe chimapha munthu akachiphika mothamanga. Agogo ankaudula tizidutswa, kuuwiritsa, kutaya madzi, kuuviika, kuuwiritsanso, ndipo ukapsa ankayamba kudya okha n'kukhala kaye osatipatsa, kudikira kuti aone ngati mutu uzungulire. Mabanja ena omwe analibe munthu wodziwa zimenezi anagona osadzukanso.

Kunyumba kwathu tinalipo ana atatu: achemwali anga, ine, ndi kamlongo kathu ka zaka ziwiri. Kanali kamwana kosekaseka, kongoyamba kumene kutchula mawu, ndipo Agogo sankakatsitsa kumsana. Mawere a mayi anga atauma, kanayamba kutsegula m'mimba. Zakudya za m'tchire zija m'mimba mwa mwana wotere sizikhala. Tsitsi linasanduka lofiira, mapazi n'kutupa, kulira kwake n'kukhala ngati kwa mwana wa mphaka. Mu Okutobala mayi anga anapempha, ndipo Agogo anakwera n'kutsitsa zimanga ziwiri. Anazisinja okha, n'kumaphika kaphala kamadzimadzi ka mwana yekhayo, ife akulu tikuyang'ana kumbali. Patapita sabata anatsitsanso chimodzi. Zinatsala 37. Atapemphanso, anakana.

Usiku wina chakumayambiriro kwa Novembala ndinadzidzimuka nditamva chitseko. Mwezi unali kunja, kuwala kwake kukulowera m'ming'alu. Ndinaona mayi anga akugubuduza mtondo pang'onopang'ono, n'kuuvundikira pafupi ndi mafuwa, n'kukwerapo. Miyendo yawo inkanjenjemera. Dzanja litangokhudza makoko, kunamveka tswaa, ndipo mawu anachokera pamphasa:

"Tsika, mwana wanga."

Agogo sanali m'tulo. Ndikhulupirira kuti miyezi yonseyo sankagona.

"Amayi, mwana akufa."

"Ndikumuona."

"Zisanu zokha, amayi. Zinazo zitsale."

"Ukatsitsa zisanu lero, mawa utsitsa zisanu. Mvula ikadzagwa tidzabzala chiyani? Chimanga chimodzi m'mphika ndi phala la tsiku limodzi. M'munda ndi mapando 100. Tayang'ana awa agona apawa. Tawerenga ana a ang'ono ako. Onsewa adzadya chiyani chaka chamawa?"

"Chaka chamawa mwana wanga kudzakhala kulibe."

Agogo sanayankhe. Anadzuka, n'kukaima pansi pa zimanga zija, kamunthu kakafupi, manja ali m'mbali. Sanawagwire mayi anga, sanakweze mawu. Anangoima. Mayi anga anakhala pamtondo paja nthawi yaitali, kenako anatsika, n'kutuluka osatseka chitseko. Agogo anabwerera pamphasa, ndipo ndinamva akupuma ngati munthu yemwe wasenza mtolo wolemera pachitunda. Ine ndinatseka maso kunamizira tulo.

Kamlongo kanga kanamwalira patapita masiku asanu ndi limodzi, m'bandakucha, kali kumsana kwa Agogo. Amuna omwe anatsala m'mudzi analibe mphamvu, manda anakumba osaya, ndipo panalibe nsima ya pamaliro. Patangotha masabata awiri, mvula inagwa, yamphamvu, ya usiku wonse.

Musandifunse ngati zimanga zisanu zija zikanakapulumutsa. Funso limenelo ndagona nalo zaka zoposa 70. Ndinafunsapo anamwino, wina n'kundiuza kuti mwana akafika potupa chotero phala lokha silikwanira, wina n'kuti mwina. Masiku ena ndimawaweruza Agogo, masiku ena ndimawagwadira. Chomwe ndinaona ndi maso n'chakuti m'mawa mwa mvula ija anatsitsa zonse 37, n'kukhala pakhonde kutong'ola, akuchotsa njere za kunsonga ndi za kutsinde n'kusunga za pakati. Za kunsonga zija anatikazingira. Amayi a m'mudzi omwe anadya mbewu yawo anayamba kufika mmodzimmodzi n'kukhala chapatali osanena kanthu, ndipo aliyense ankachoka ndi kadzanja ka njere komanga pakona pa nsalu. Tinabzala tikugwa ndi chizungulire. Agogo ankayenda pambuyo pathu kuyang'anira kuti mwana asaponye njere m'kamwa m'malo mwa m'phando.

Njala inafika poipitsitsa chimanga chili m'munda, mu Januwale ndi Febuluwale 1950. Apo m'pomwe boma linatsegula misasa yodyetserako anthu ofookeratu, ndipo achemwali anga anakhalako masabata atatu. M'mabuku a boma analemba kuti anafa anthu pafupifupi 200. Ife a kumudzi tinkadziwa kuti ana ngati kamlongo kanga sanalowe m'buku lililonse. Ena anafa chimanga chitacha kale, chifukwa chothamangira mondokwa m'mimba mutazolowera kukhala mopanda kanthu. Agogo ankatigawira theka la chimanga, n'kutiuza kuti titafune mpaka chisanduke madzi. Chaka chimenecho nkhokwe yathu inadzaza, ndipo mabanja ena asanu ndi awiri anakolola kuchokera pa tinjere ta pakona pa nsalu tija.

Mayi anga anadya nsima ya chimanga chimenecho, poti panalibe ina. Koma kuyambira tsiku la maliro lija sanawaitanenso Agogo kuti "amayi". Ankati "aNaphiri", ngati mmene ankaitanira munthu wina aliyense wa m'mudzi. Sanakangane, sanatukwanane. Ankalima munda umodzi, kusinja mtondo umodzi, wina akadwala mnzake ankamutungira madzi. Koma mawu amodzi aja anawatsekera m'kamwa, ndipo Agogo ankavomera "Wawa" osadandaula. Ndinakula ndikumva zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi iliyonse zinkandilasa ngati minga ya m'phazi.

Za dziko zinkadutsa pamwamba pawo ngati mitambo. Chitaganya cha 1953, alangizi a malimidwe omwe ankalipiritsa anthu chifukwa cha mizere, kumangidwa kwa atsogoleri pa 3 Malichi 1959, ufulu wa pa 6 Julayi 1964, makhadi a chipani omwe ankafunsidwa pakhomo la msika, mapaundi kusanduka makwacha mu 1971: zonsezi anaziona, khadi ankagula, kumsonkhano ankapita, koma akabwerako funso lawo linali loti kaya mbuzi zamwa madzi. Anabatizidwa atakula kale ku mpingo wa CCAP n'kulowa Mvano, ndipo bulauzi yoyera ija ankaisunga m'kabokosi pamodzi ndi bulangete la ku Salisbury.

Pomwe anaumirira zenizeni ndi pa chimanga cha haibulidi. Ine n'kuti ndikugwira ntchito ku Limbe, ndikudziona wozindikira, ndiye ndinawagulira paketi ya mbewu ndi thumba la fetereza ku ADMARC. Analandira ndi manja awiri, n'kubzala kumapeto kwa munda, kutali ndi chawo. Chinabereka zoti anthu ankaima panjira. Atakolola anandiitana, n'kuthira lichero limodzi la changa mumtondo, lichero lina la chawo mumtondo wina. Atakonola n'kupeta, chawo chinatuluka mphale yoyera, yathunthu. Changa chinaphwanyika, theka n'kupita ku madeya. Kenako anati, "Ubwerenso mu Okutobala." Nditabwera anandilowetsa dzanja m'nkhokwe: changa chinali fumbi la anankafumbwe, chawo chili gwa. Sananene kuti ndalakwa. Anati, "Chakocho n'chabwino kugulitsa, uzibweretsa. Koma chimafuna ndalama chaka ndi chaka, ndipo ine ndalama sindilima." Pambuyo pake, cha m'ma 1990, akatswiri a ku Chitedze anatulutsa MH18, haibulidi wolimbirako pokonola, ndipo Agogo atamuyesa mumtondo anavomereza kuti ana asukulu aja ayamba kumva. Koma pa utsi sanamupachike.

Chaka china, ndili kale ndi ana, ndinapita kukawathandiza kubzala. Tinalawirira kusanache. Atafika pakona ya munda anandiuza kuti ndiime kaye. Anawerama, n'kukumba phando loyamba ndi dzanja, osati ndi khasu, n'kuponyamo njere zinayi m'malo mwa zitatu. Pokwirira ananong'ona mawu amodzi. Ndinali pafupi, ndinamva. Linali dzina la kamlongo kanga. Atadzuka anaona kuti ndamva, n'kungoti, "Tiye, dzuwa likutuluka." Achemwali anga anadzandiuza kuti ankachita zimenezi chaka chilichonse chiyambire 1949, ndipo chimanga cha paphando limenelo sichinkalowa m'nkhokwe. Chikacha ankachiotcha n'kupatsa kamwana kalikonse kakang'ono komwe kadutse pakhomo.

Mayi anga anadwala mu 1987, matenda a m'chifuwa omwe anawagoneka miyezi inayi. Agogo, ali ndi zaka za m'ma 80, anasamukira m'nyumba mwawo. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwatsamiritsa pachifuwa pawo ngati khanda n'kumawamwetsa phala ndi chikombe. Tsiku lina madzulo ndili pomwepo, mayi anga anakankha chikombe chija pang'ono, n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Amayi," anatero, "phalali lapsa bwino."

Chikombe chinagwa m'manja mwa Agogo. Zaka 38. Sanalire mokweza, anangoika chipumi chawo pamutu pa mwana wawo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinatuluka panja. Mayi anga anatisiya patapita masiku atatu.

Ana awo onse asanu anawaika okha. Anaikanso adzukulu ambiri m'zaka za m'ma 1990, pomwe matenda a Edzi analowa m'midzi n'kumatenga anyamata ndi atsikana omwe anayenera kudzawaika iwo. Nyumba yawo inadzazanso ndi ana amasiye, kamphika ka mkute n'kubwerera pamoto. Chilala cha 1992 anachipyola ndi chimanga chachikasu chothandizira, akuseka kuti nsima yake ikuoneka ngati ya maungu. Maso anayamba kuchita khungu, msana n'kupindika mpaka ankayenda akuyang'ana pansi, koma nthawi yokolola ankawakhazika pamphasa n'kuwaunjikira chimanga, iwo n'kumasankha mbewu ndi zala, kupapasa mizere ndi kunsonga. Chomwe achiponya kumanja sichinkakhala ndi chilema.

Kenako inafika 2002. Inu akuluakulu mukuikumbukira. Zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa, mtengo unakwera kuposa mmene munthu wa kumudzi akanathera, ndipo pofika mu Febuluwale Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Anthu anabwerera ku madeya ndi ku zitsa za nthochi. Wogwidwa akuba chimanga chachiwisi ankamenyedwa koopsa. Ine ndinali nditapuma ntchito, ndipo kandalama kanga sikankagula n'thumba lomwe. Ndinapita kumudzi ndi tiufa tochepa m'kathumba.

Ndinapeza mwana wa achemwali anga, yemwe ankawasunga Agogo, ali ndi kamdzukulu kake ka chaka chimodzi ndi theka. Nditangokaona mtima unandigunda. Tsitsi lofiira lija, mapazi otupa aja. Usiku kankalira kulira komwe ndinakumva ndili ndi zaka 8. Agogo anali gone pamphasa pafupi ndi moto, osaona, osatha kudzuka okha, thupi lonse ngati kamtolo ka nkhuni. Tinkayesa kuti sakutsatira zomwe zikuchitika. Usiku wachiwiri, mwana uja ali mkati molira, anaitana ndi mawu omveka bwino lomwe:

"Iwe, pa utsipo pali zingati?"

"Zilipo 30, Agogo."

"Tsitsa. Umuphikire mwanayo."

Mwana wa achemwali anga anandiyang'ana. Iye anakulira m'manja mwawo, lamulo la gawo lachitatu analiyamwira. Anati, "Agogo, imeneyo ndi mbewu. Chimanga cha m'munda sichinache, sitikudziwa ngati chipulumuke kwa akuba."

"Ndati tsitsa. Zonse. Ine kulira kumeneko ndinakumva kale kamodzi. Sindikumvanso kawiri."

Ndinakwera ndine, pampando, manja akunjenjemera. Mwaye unandigwera m'maso. Tinasinja usiku womwewo, ufa wake wonunkha utsi, n'kusakaniza ndi tinsinjiro tomwe tinapempha kwa aneba. Agogo anati timuike mwanayo pambali pawo. Anagwira kamwendo kake kotupa ndi dzanja limodzi, n'kumamvetsera akumeza. Atamaliza anafunsa kuti, "Mwatsitsa zonse?" Mwana wa achemwali anga anayankha kuti, "Zonse, Agogo." M'mawa mwake tinakatengera kuchipatala, komwe anakagoneka ku chipinda cha ana onyentchera, ndipo atatuluka phala lija ndilo linakasunga mpaka chimanga chinacha. Mwana ameneyo ndi uja munamuona chaka chatha paukwati, wamtali uja ankatumikira alendo.

Akuba anatithyoleradi munda chaka chimenecho, ndipo chomwe chinatsala chinali chosakanikirana ndi cha aneba, chosayenera mbewu. Ndinkaganiza kuti chimanga cha Agogo chathera pomwepo. Koma mvula yoyamba itagwa kumapeto a chaka, Agogo anati tiwanyamule tipite nawo kumunda. Tinawakweza panjinga, wina kugwira uku wina uku, n'kukawakhazika pakona paja. Anatambasula dzanja kwa mwana wa achemwali anga.

"Ndipatse zija unabisa."

Mayi uja anagwira pakamwa. Usiku uja, ine ndikutsitsa, iye anali atalowetsa zimanga zisanu ndi chimodzi m'dengu la zovala, osauza munthu. Agogo anaseka, kuseka kopanda mano, mpaka kutsokomola. "Ndinamva makoko akulira m'dengu. Ukanapanda kubisa ndikanadziwa kuti sindinalere munthu." Anakumba ndi zala zawo m'dothi lonyowa, n'kuponya njere zinayi, n'kunong'ona.

Anadya mondokwa wa mbewu imeneyo, wochita kuwasinjira. Anamwalira mu Juni 2003, chimanga chitalowa m'nkhokwe, m'tulo, usiku wozizira. Mwa kuwerenga kwa kalaliki uja anali ndi zaka 98. Anthu anabwera kuchokera ku Lunzu, ku Matope, ku Mdeka, ena pa sitima ena pansi, ambiri a iwo akunena kuti ndi aNaphiri omwe anawadula mchombo. Amayi a Mvano anadzaza bwalo lonse mbee, anaimba usiku wonse, ndipo nsima yomwe inaphikidwa inali ya ufa woyera wa m'nkhokwe yawo.

Kumanda, bokosi lisanatsike, mkulu wa mpingo anatsegula buku la ubatizo kuti awerenge mbiri yawo. Anatchula mudzi, anatchula mfunda, kenako anatchula dzina. Achemwali anga, omwe anali atakhala pansi pafupi nane, anandigwira mwendo. Linali dzina la kamlongo kathu. Mayi anga anali atatcha mwana uja dzina la mayi awo.